Mutu 7: Chidutswa Chimene Ndapeza Adadula

1. Dzina lako lili pomwepo

"Ndiwe! Ndiwe wativula pamaso pa dziko lonse, iwe mwana!"

A Zikhalo sadaodire n'komwe. Adatulukira pakhomo pa mlongo wawo mame asanakamuke, chala chili chilozere kwa Ndapeza, amene ankasankha mbatata ya kachewere yambewu pakhonde. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo Kenan, manja ali m'matumba, chipewa chitatsikira m'maso.

"Ndatani, malume?"

"Ukufunsanso? Kenan, muonetse."

Kenan adatulutsa foni yake n'kuikankhira pafupi ndi mphuno ya Ndapeza. "Taona ntchito ya manja ako, mkazi wanga," adatero. Awiriwa, pokhala pachisuweni, ankatchulana choncho mongoseka kuyambira ali ana. Koma tsikuli m'mawu a Kenan munalibe nthabwala.

Vidiyo idayamba ndi mawu amene Ndapeza adalemba yekha: "Chiliza cha agogo athu, a Vinsenti. Wojambula ndi kukonza: Ndapeza." Koma chimene chidatsatira sichinali chake. M'malo mwa amayi oimba, padaoneka chilombo cha gule wamkulu chikuchoka pabwalo kulowera m'mitengo ya bulugamu. Chidapunthwa pa chitsa n'kugwa, mutu wake n'kuyamba kuvuka. Pamenepo vidiyo idayamba kukwawa ngati nkhono. Mzere wofiira udazungulira mutuwo, kuseka kwa m'makina kukumveka pamwamba. Nkhope isanaoneke, zonse zidaima, padabwera mawu akuti: "Gawo lachiwiri mawa, tsiku la msika. Mudzaona nkhope yake."

Mbatata imene Ndapeza adagwira idagwa pansi.

"Si ine!" adakuwa. "Chidutswa chimenecho ndinachidula! Malume, vidiyo yanga munaionera nokha mpaka kumapeto, munati ili bwino. Zimenezi zinalimo?"

"Munalibe. Ndiye kuti unandionetsa ina, n'kubisa ina. Dzina lako lili pomwepo. Vidiyoyi yafika pa Watsapu ku Lobi, yafika pa Boma, mpaka achibale a ku Joni aimba kufunsa ngati kwathu kuno anthu tonse tinapenga."

2. Mawu a mwini mbumba

Ndapeza anali mu Fomu 3, ndipo zokonza mavidiyo palibe adamuphunzitsa. Foni adamusiyira mkulu wake popita ku Lilongwe, galasi lake lili long'aluka pakona. Iye adaikamo apu yodulira mavidiyo n'kumaitokosatokosa mpaka adaidziwa ngati njira ya kudimba. Ankajambula kwaya, mpira wa atsikana, ngakhale zinkhoswe. Pofika tsiku la chiliza cha agogo ake, adapempha malume ake chilolezo. A Zikhalo, amene anali mwini mbumba komanso woimba ng'oma ya mbalule kugule, adamulola, koma adati aime kumene kuima amayi, ndipo vidiyo isatuluke iwo asanaione.

Amayi ake a Ndapeza, a Jenifa, adatuluka m'nyumba n'kuyala mphasa. A Zikhalo adaikana. Adalankhula ali chiimire.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Amene timawavinira tsiku lija ndi bambo anga, amene anabereka mayi akowa. Gule sanabwere kudzasangalatsa foni yako. Anabwera kudzaperekeza mwini mudzi kuti agone bwino kumene ali. Mayi akowa ndi a Katolika, kubwalo sabwera, koma unayamba wawamva akunyoza? Ife tinayamba tapita kutchalitchi kukaseka mkanjo wa ansembe? Mudzi uno wakhala chifukwa aliyense amadziwa pamene diso lake liyenera kulekezera. Nkhuku yomwe, ikaona mphamba, imafungatira anapiye. Iwe waona chinthu chagwa, m'malo mofunditsa nsalu, waitana dziko kuti lidzaseke. Zimene makolo anasunga kuyambira kalekale, iwe wazigulitsa ndi timitima ta pafoni."

"Sindinagulitse kanthu ine!"

"Khala chete ndimalize! Akuluakulu a kudambwe agwirizana. Mkuja tikhala pabwalo. Wochita izi, kaya ndi ndani, kaya ndi mwana wa yani, foni yake iphwanyidwa ndi mwala anthu akuona, ndipo sadzajambulanso pamwambo uliwonse m'dera lino, ukwati kapena maliro. Ndanena ndine, ndipo mwalawo ndikanyamula ndekha."

Kenan adagwedeza mutu. "Akazi kuwapatsa foni n'kulakwa, bambo. Ndinanena ine."

"Iwe tseka pakamwa, kachipewa ngati wogulitsa makala!" adatero Ndapeza, misozi yaukali ili lendelende.

A Zikhalo adamuyang'anitsitsa, kenaka adatsitsa mawu. "Pamene unkadula, unaona chiyani?"

Ndapeza adaiona nkhopeyo tsiku limene ankadula, ndipo mwini wake ankamudziwa. Koma analinso mwana wa m'mudzimo.

"Ndinaona chilombo chikupunthwa pa chitsa, malume. Basi."

A Zikhalo adatembenuka n'kumapita, Kenan ali pambuyo.

3. Pachulu

Kwawo kwa Ndapeza netiweki inkagwira malo amodzi okha, pachulu cha kumapeto kwa munda wa mbatata. Masana adzuwa adakwera pomwepo, mphepo ya kuphiri ikumuwomba m'makutu.

Wolakwa adali atamupeza kale m'mutu mwake. Anali Collins, mwini kashopu kotchajira mafoni ndi kuikira nyimbo m'mamemole pa Mayani. Atamaliza kukonza vidiyo ya chiliza, foni ya Ndapeza idadzaza, ndipo adapita nayo kwa Collins kuti asamutsire zonse mu memole. Apa ndi pamene padali msampha. Mu apu, ukadula chidutswa, chimangochoka pa vidiyo imene ukukonza, koma vidiyo yoyamba ija, yosadula, imakhalabe m'foni. Ndapeza adadula, koma sadafufute. Choncho memole idanyamula zonse, yodula ndi yosadula yomwe.

"Wakuba iwe," adatero mano ali chilumire. "Lero uona kuti lumo si lako lokha."

M'foni mwake munali vidiyo yotsatsa malonda imene adamujambulira Collins mwezi wathawo. Mmenemo Collins adaima pakhomo pa shopu yake akumwetulira, n'kunena kuti: "Kwina amati, 'Ndikasiya foni, andibera zithunzi.' Kuno ayi. Ine ndimaba mitima ya makasitomala, osati zithunzi za anthu."

Ndapeza adatsegula apu. Vidiyo idayala pansi pa galasi ngati mzere wa mbewu. Adaitambasula ndi zala ziwiri kuti mawu alionse aoneke malire ake. Adadina chizindikiro cha sizasi apa, adadinanso apo. Zapakati adataya. Zotsala adazikoka n'kuzilumikiza, ndipo polumikizira adaikapo chithunzi cha chikwangwani cha shopu kuti kudumpha kusaoneke. Atayesa kuiliza, Collins adamwetulira bwinobwino n'kunena kuti: "Ine ndimaba zithunzi za anthu."

Adaikapo mzere wofiira kuzungulira nkhope. Adaikaponso kuseka kwa m'makina, kuja komwe. Idatuluka yosalala, yopanda msoko. Adatsegula gulu la pa Watsapu la achinyamata a pa Mayani, chala chili m'mwamba.

"Ndiye wakwera pachulu ngati mbuzi yaukali, ukutani?"

Anali amayi ake, mtolo wa nyemba uli pamutu. Adautula, n'kukhala patsinde pa chulu. Ndapeza adatsika monyada n'kuwaonetsa.

A Jenifa adaonera kawiri. "Collins ananenadi zimenezi?"

"Pakamwapo ndi pake."

"Sindinafunse za pakamwa. Ndati, ananena?"

Ndapeza adayang'ana kumbali. "Mawu onsewo ndi ake. Ine ndangochotsa ena."

"Unamuona akutumiza vidiyo ija?"

"Nanga ndani winanso, amayi? Memole inali kwa iye! Iye andiipitsire dzina, ine ndingokhala ngati chitsa? Malume akandiphwanyira foni, Collins azidzadya chipisi pamsika akuseka? Chilungamo chake chili pati?"

A Jenifa adapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Khala pansi, Ndapeza. Mkwiyo wako sindikuutsutsa. Ngakhale ine zikundiwawa, chifukwa amene akusekedwa chiliza chawo ndi bambo anga. Koma taona chimene wapanga. M'mawa walira kuti munthu watenga dzina lako n'kulisoka pa chinthu chimene sunachite. Dzuwa lisanapendeke, iwe watenga mawu a mnzako n'kuwasoka pa chinthu chimene sananene. Kusiyana kwanu kuli pati? Mpeni wosendera mbatata ndi womwewo umacheka chala. Lumo lakoli tsiku lija linachita zaulemu, linafunditsa chimene chinagwa. Lero ukufuna livule munthu. Collins ali ndi mkazi ndi kamwana kakhanda, amadya za kashopu komweko. Ukatumiza ichi, atsikana onse a pa Mayani sadzasiyanso foni kwa iye, mwinanso anyamata akamuotchera shopu. Mawa ukadzamva kuti sanali iye, udzayenda foni ndi foni kukachotsa? Ufa ukamwazika pamchenga suwoleka, mwana wanga. Pepani sapoletsa chilonda. Ngati uli ndi mlandu ndi munthu, pita ukaime pamaso pake, umufunse iye ali ndi pakamwa poyankhira. Vidiyo siyankhidwa."

Ndapeza adapuma mwamphamvu ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Adayang'ana foni, adayang'ana amayi ake. Kenaka adadina ndi ukali ngati akupha nsikidzi.

"Ndafufuta. Mwaona? Ndafufutanso ndi yosadula ya chiliza ija. Koma musaganize kuti ndamukhululukira. Mawa ayankha, ndipo malume akakhalepo amve ndi makutu awo."

"Malume ako ndikawauza ndine," adatero a Jenifa, akusenza mtolo wawo.

4. Tsiku la msika

M'mawa mwake msika wa pa Mayani udadzaza. Matumba a kachewere adandandalika m'mbali mwa msewu, ogulitsa kaunjika akukuwa, akabaza akuliza mabelu. Kashopu ka Collins kanali pafupi ndi chigayo, sola ili padenga, sipika ikugunda pakhomo, mafoni ali ndandanda pathabwa ngati nsomba zowamba.

Ndapeza adafika patsogolo, a Zikhalo pambuyo. Kenan adabwera ndi njinga yonyamula thumba la mbatata, ndipo adafuna kupitirira.

"Bambo, ine ndikagulitse kaye, mavenda angapite."

"Imika njingayo. Ukhale mboni," adatero a Zikhalo.

Ndapeza adazimitsa sipika ndi dzanja lake.

"Aaa, sisi, nyimbo yakulakwira chiyani?" adatero Collins akuseka. "Wadya kambuzi m'mawa uno? Mwadzuka bwanji, madala? Khalani pabenchipa."

"Sitinabwere kudzakhala. A Collins, ndinakusiyirani zinthu zanga kuti muike mu memole. Inu mwatenga chidutswa chimene ndinadula, mwachimata pa dzina langa, mwachimwaza dziko lonse. Ndinakulakwirani chiyani?"

Kuseka kwa Collins kudazima. Anthu amene ankadikira mafoni awo adasendera pafupi. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa adatula beseni lake kuti amve bwino.

"Vidiyo ya gule ija? Ine? Sisi, ine ndimakhala pano, ndimagona pano. Ndiputane ndi a kudambwe kuti ndisamukire kuti? Nditaiona dzulo ndinaifufuta pompo, ndipo aliyense wofuna kuti ndimuikire ndikumubweza."

"Bodza! Memole inali m'manja mwa yani?"

"Inali m'manja mwanga, eya. Ndinaika zinthu zako, ndinaikulunga m'kapepala. Nanga unabwera kudzaitenga ndiwe?"

Apa Ndapeza adakumbukira. Tsiku limenelo anali ndi mayeso kusukulu, ndipo adatuma munthu amene ankabwera kale kumsika ndi njinga.

"Ndinapereka kwa mwamuna wakoyu," adatero Collins, akuloza Kenan ndi mlomo. "Anakufikitsira tsiku lomwelo?"

"Anabwera nayo patapita masiku," adayankha Ndapeza pang'onopang'ono. "Anati anaiiwala m'thumba la jekete."

"Ameneyu akufuna kudzipulumutsa!" adakuwa Kenan. "Ine za mavidiyo ndimazidziwira kuti? Bambo, tiyeni, asatitayitse nthawi."

"Sumazidziwadi, mpake unabwerera kwa ine," adatero Collins, tsopano naye atapsa mtima. "Madala, mwana wanuyu anabwera kudzandipempha kuti ndimuikire apu yomwe amagwiritsa ntchito Ndapeza. Ndinamuikira. Anandifunsa kuti vidiyo amaichedwetsa bwanji, mzere wofiira amauika bwanji, kuseka kuja amakutenga pati. Anati ndi za mpira, akufuna kuseka goloboyi wa timu ya kutsidya. Pochoka ananena kuti pali wina amene akufuna kumuphunzitsa khalidwe. Ine ndinangoti ndi za anyamata."

"Akunama!"

Ndapeza adaganiza za chimene adatsala pang'ono kutumiza ali pachulu. Adayang'ana Collins, adayang'ana kamwana kake kamene kankagona pamsana pa mayi ake kuseri kwa thabwa la mafoni. Kenaka moto wonse udatembenukira kwa msuweni wake.

"Ngati akunama, nkhani ndi yaifupi," adatero. "Apu imasunga ntchito iliyonse imene munthu wayamba, pokhapokha aifufute. Tulutsa foni, Kenan. Tsegula apu, malume aone. Ngati mulibe gawo lachiwiri, ine ndigwada pompano pafumbi, anthu onsewa akuona."

Dzanja la Kenan lidathamangira kuthumba la buluku n'kukanirira pomwepo. Njinga idapendekeka, thumba lidagwa, mbatata zidagubuduzika mpaka pansi pa benchi. Palibe adawerama kuti atole.

"Batire latha," adatero.

"Matchaja ndi awa, bwana," adayankha Collins. "Lero ulere."

Anthu adaseka, koma a Zikhalo sadaseke. Nkhope yawo idachita ngati yathiridwa phulusa. Kenan sanali ngati Ndapeza, woima kumene kuima amayi. Iye adalowa gule, adalangizidwa kudambwe, ndipo amene adamuperekeza kumeneko anali bambo ake omwewo.

"Kenan," adatero a Zikhalo. Adayang'ana anthu amene adawazungulira, kenaka adatsitsa maso. "Izi... izi tikakambirana kunyumba. Si zapamsika. Tiyeni."

"Kunyumba?"

Ndapeza adaima patsogolo pawo n'kutseka njira. Mayi wa zitumbuwa adanong'oneza mnzake kuti, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka," koma adanong'ona mokweza moti aliyense adamva.

"Malume, ine simunanditengere kuseri. Munandikalipira pabwalo pa amayi anga, anansi akumva, musanandifunse n'komwe. Munati wochita izi, kaya ndi ndani, kaya ndi mwana wa yani. Munati mwala mukanyamula nokha. Foni ili m'thumbamo ili ndi nkhope imene inu mukuti isaoneke, ndipo tsiku la msika ndi lero. Chala chimodzi chokha, yapita. Ine yanga nayi, itengeni, muisunge mpaka mawa pabwalo. Nanga ya mwana wanu?"

Adaika foni yake yong'aluka ija m'dzanja la a Zikhalo, n'kuwapinda zala kuti aigwire. Kenan adayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, maso ali kunjira ya kuseri kwa chigayo.

"Mwala uja ndi wa ana a alongo anu okha, kapena ndi wa aliyense? Malume, anthu akumva. Yankhani!"